Agogo akafooka mu Blantyre: ku Queens, kolipira, pakhomo kapena kumudzi?

Mu Blantyre muno boma lilibe nyumba yosungirako okalamba. Mabanja ambiri amadziwa zimenezi mochedwa, tsiku limene adokotala alemba kuti agogo atuluke pamene agogowo sakutha n'komwe kuima okha. Bedi la boma lilipo, koma ndi lochizirapo. Munthu akapezako bwino, kapena madokotala akaona kuti zimene akanachita mu wodi achita, bedilo amakhala akulidikira kale wina amene wagona pa matiresi pansi. Kusamba, kudya, kutembenuzidwa usiku ndi kupita kuchimbudzi, zonsezo zimabwerera kwa abale.

Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 800,000 mumzinda uno, ndipo m'dziko lonse a zaka 60 kapena kuposerapo ndi pafupifupi 5 pa anthu 100 alionse. Ndi ochepa poyerekeza ndi ana, n'chifukwa chake mphamvu zambiri za zipatala zathu zimathera kwa amayi oyembekezera, ana, malungo ndi HIV. Koma okalamba akuchuluka. Anthu amene anayamba kumwa ma ARV aulere mu 2004 ali ndi zaka 40, lero ndi agogo, ndipo pamwamba pa ma ARV awonjezera mankhwala a BP ndi shuga. Mu 2016 boma linatulutsa ndondomeko ya anthu okalamba, mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo lowateteza. Lamulolo ndi labwino, koma silinawonjezere bedi ngakhale limodzi ku Ndirande. Tsono banja limasankha pakati pa njira zimene zilipo kale, ndipo pa njira iliyonse funso limene limagamula nkhani ndi lakuti ndani adzakhale pambali pa agogo usana ndi usiku.

Ku Queens

Chipatala cha Queen Elizabeth, chimene achikulire amachitchabe ku Gulupu, chinatsegulidwa mu 1958 ndipo chili ndi mabedi oposa 1,000. Akumveka ambiri, koma kumbukirani kuti Blantyre alibe chipatala cha pa boma ngati chimene chili ku Chiradzulu, ku Thyolo kapena ku Mulanje. Queens imalandira odwala kwambiri ochokera m'maboma a kumwera kuno, imalandiranso wa ku Mbayani amene akanathandizidwa pa chipatala cha pa boma chikanakhalapo. N'chifukwa chake kumadzaza.

Pa matenda oyenda pang'onopang'ono, yambirani ku chipatala chaching'ono cha kwanuko, kaya ndi ku Zingwangwa, Limbe, Bangwe, Chilomoni, Ndirande kapena South Lunzu, akakulembereni kalata. Koma mukaona mkamwa mwapotoka, dzanja lafooka mwadzidzidzi, mawu sakumveka, kapena agogo agwa ndipo mwendo sukuponda, musadikire kuti kuche kapena kuti amalume afike kuchokera ku Lunzu. Pitani kolandirira odwala mwadzidzidzi ku Queens usiku womwewo, buku lawo la kuchipatala ndi mankhwala onse amene amamwa zili m'manja.

Ubwino wa Queens palibe angaukane. Simulipira, ndipo madokotala aukadaulo, ena mwa iwo aphunzitsi a ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, ali komweko. Makina osefera magazi a odwala impso ali komweko. Chipatala cha maso cha Lions chili mumpanda momwemo, ndipo apa ndiimepo pang'ono, chifukwa pali agogo ambiri amene anawakhazika pakhonde n'kumati akalamba basi, pamene vuto ndi ng'ala yokha. Opaleshoni ya ng'ala ndi yaifupi. Munthu amene amachita kumugwira dzanja popita kuseri amayambanso kuyenda yekha, kuphika yekha, ndipo mdzukulu amene ankamulondolera amabwerera kusukulu. Musanayambe kukangana za amene asunge agogo, kawapimitseni maso.

Mtengo wa Queens uli pa gadiyani. Anamwino ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi odwala, ndiye ntchito yawo imathera pa jakisoni, diripi ndi mabala. Womwetsa phala, wochapa zofunda, wonyamula beseni ndi wokaitana namwino diripi ikatha ndi m'bale. Mukapita ku wodi ya 4A ya amayi kapena 3B ya abambo nthawi yoona odwala, yang'anani pansi pa bedi. Mupeza ndowa, fulasiki, kontena ya nsima, sopo wokulunga m'pepala ndi chitenje chopinda chimene usiku chimasanduka pogona pa gadiyani. Mayi ameneyo wasiya geni yake ku Limbe, wasiya ana ndi aneba, ndipo amaphika kumalo a magadiyani ndi makala ogula yekha. Mankhwala ena akasowa, banja limakagula ku famase. Onjezani minibasi ya tsiku ndi tsiku ya obweretsa chakudya, muona kuti chithandizo chaulere chili ndi bilu yake.

Chinanso, wodi si malo abwino kwa wokalamba kukhalitsa. Ambiri amasokonezeka mutu usiku chifukwa cha malo achilendo, magetsi osazima ndi kubuula kwa anzawo, mpaka kufuna kuzula diripi. Wothyoka fupa la m'chiuno nthawi zina amagona milungu ingapo mwendo uli wokokedwa, ndipo m'milungu imeneyo miyendo imafota, zilonda za pogona zimayamba, chibayo chimalowa. Choncho adokotala akati tulukani, si nthawi zonse kuti akutayani. Kawirikawiri amakhala akuwathawitsa agogo ku matenda ena.

Pafupi ndi Queens pali Kachere, malo a bungwe lothandiza anthu olumala la MAP ophunzitsirako anthu amene anafa ziwalo kuyambiranso kuyenda ndi kudzigwirira zinthu. Kwa wodwala sitiroko amenewa ndi malo oyenera kufunsa asanatuluke mu wodi, chifukwa miyezi yoyambirira ndi imene thupi limabwerera msanga. Mabedi ake ndi ochepa, koma ngakhale osagonekedwa, zimene a mafizo, akatswiri olimbitsa ziwalo zofooka, angamuphunzitse gadiyani zimathandiza kunyumba.

Kolipira

Ku Mwaiwathu ndi ku Blantyre Adventist kuli bata, chipinda chaukhondo, ndipo dokotala amakuonani msanga. Ku Queens komweko kulinso mbali yolipira. Zipatala za mishoni monga Mlambe ku Lunzu, Nguludi ku Chiradzulu ndi Malamulo ku Makwasa zili pakatikati: mumalipira, koma osafika pa mitengo ya m'tauni. Dziwani kuti mapangano amene boma limachita ndi zipatala za CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, kuti anthu azithandizidwa ulere amakhudza makamaka amayi oyembekezera ndi ana. Agogo amalipira.

Ine ndimaona kuti kolipira n'koyenera matenda amene ali ndi polekezera: chibayo, malungo aakulu, shuga amene wakwera, opaleshoni yodziwika tsiku lolowa ndi lotuluka. Pa matenda amgonagona, bilu imakula tsiku ndi tsiku pamene zopereka za pa gulu la WhatsApp la banja zimachepa sabata ndi sabata. Sabata yoyamba aliyense amatumiza, wa ku Joni, wa ku Lilongwe, ngakhale msuweni amene simunamuone zaka. Sabata yachitatu mauthenga amangowerengedwa. Mapeto ake mumawasamutsira agogo ku Queens muli ndi ngongole, ndalama zimene zikanagula matewera ndi chakudya cha miyezi isanu zitapita. Amene ali pa MASM kapena inshulansi ina afunsiretu malire a ndalama za pachaka ndi zimene sikimu yawo siilipira, asadzamvere pa kauntala.

Pakhomo m'tauni

Kuno ndi kumene okalamba ambiri ofooka amathera, ndipo ndi njira imene timailowa osakonzeka. Tiyambe ndi nyumba yeniyeniyo. Blantyre ndi wa zitunda. Nyumba ya lendi ku Chilobwe, ku Ndirande kumtunda kapena ku Bangwe imafikika podutsa timiyala ndi ngalande, chimbudzi chili panja ndipo n'cha mabanja atatu. Wilitcheya pamalo otero imangokhala mpando. Madzi akasiya kutuluka masiku awiri, wochapa zofunda za munthu wodziipitsira ndi amene amadziwa kuwawa kwake. Ngati m'banjamo muli wina wokhala pamalo athyathyathya, bafa lili m'nyumba, nyumba imeneyo iganiziridwe poyamba, ngakhale mwini wake si woyamba kubadwa.

Ndiye pali nkhani ya manja. Mwambo umaloza mwana wamkazi, ndipo ngati iye ali pantchito umaloza mdzukulu wamkazi amene amamuitanitsa kumudzi n'kumulonjeza sukulu imene sadzaiona. Palinso zamanyazi zimene sitikambirana poyera. Mwana wamkazi kusambitsa bambo ake omubala, kapena mkazi kusintha thewera apongozi aamuna, ndi chinthu cholemera kwa onse awiri, ndipo madala ena amakana kudya kuti asafune kuchimbudzi. Ana aamuna amene amangobwera Loweruka ndi jumbo ya shuga ayenera kuuzidwa mosapsatira kuti kusambitsa bambo ndi gawo lawo. Amati chibale ndi fupa sichiola, koma msana wa munthu mmodzi wonyamula agogo m'mawa ndi madzulo umatha ndithu.

Ena amalemba wantchito. Zimathandiza, bola mukumbukire kuti mtsikana amene munamulemba kuti azikolopa ndi kuphika si namwino. Mukamuwonjezera ntchito yosamalira wodwala, muwonjezereninso malipiro, mumuphunzitse, mumupatse magolovesi ndi tsiku lopuma. Mukapanda kutero adzachoka mwezi usanathe, kapena adzakhala koma mtima uli kwina, ndipo wovutika ndi agogo amene sangathe kunena. Mabanja ena amagwirizana ndi namwino wopuma pantchito wa m'dera lawo kuti azibwera kangapo pa sabata kudzaona mabala, kuyeza BP ndi shuga, ndi kuona paipi ya mkodzo. Pa njira zonse zolipira, imeneyi ndi imene ndimaona kuti ndalama yake imagwira ntchito.

Mdani wamkulu wa wogona ndi zilonda za pogona. Zimayamba ngati kadontho kakuda kapena kofiirira pamwamba pa matako, m'mbali mwa chiuno kapena ku chidendene, khungu lisanang'ambike. Pakatha masiku ochepa pamakhala dzenje lonunkha limene limatenga miyezi kuti lipole, ngati lingapole. Mankhwala ake ndi kumutembenuza munthu maola awiri alionse, usiku womwe, kuika pilo pakati pa mawondo, ndi kuonetsetsa kuti sakugonera ponyowa. Pulasitiki ikhale pansi pa nsalu, isakhudze khungu. Matewera a akuluakulu ndi odula, ndiye ambiri amawasungira usiku, masana n'kumagwiritsa ntchito zitenje zakale zochapa bwino. Podyetsa, mukhazikeni tsonga, supuni yaing'ono, phala lolimbirako pang'ono osati lamadzimadzi, ndipo musamugoneke akangomeza. Wodwala sitiroko akamatsamwa pafupipafupi, chakudya chimalowa m'mapapo n'kuyambitsa chibayo. Nyengo ya chiperoni, mu June ndi July, simenti ya m'nyumba zathu imazizira kwambiri, tsono matiresi asakhale pansi penipeni. Koma mbaula yamoto m'chipinda chotseka ayi, utsi wa makala umapha mwakachetechete.

Kwa amene ali ndi khansa kapena matenda ena osachiritsika, ku Queens kuli kiliniki ya Tiyanjane imene ntchito yake ndi kuchepetsa ululu ndi kulangiza mabanja. Amapereka morphine wakumwa, ndipo m'zipatala za boma ndi waulere. Abale ena amamuopa, amati ndi mankhwala otsirizira munthu. Si zoona. Akamwedwa monga mwa malangizo, agogo amagona tulo, amadya, amacheza ndi zidzukulu, m'malo mobuula usiku wonse nyumba yonse ili maso.

Amayi a Mvano, a Dorika ndi a m'miphakati amabwera, amaimba, amasesa, amasiya sopo ndi ufa. Musawapeputse, ulendo wawo umatsitsimutsa wodwala ndi womusamalira yemwe. Kungoti 2 koloko ya usiku, nthawi yotembenuza, iwo ali kwawo.

Kumudzi

Agogo ambiri akafunsidwa amati, "Ndiperekezeni kwathu." Ndipo nthawi zambiri amakhala akunena zoona. M'tauni amatsekeredwa mumpanda tsiku lonse, ana ali kuntchito, zidzukulu zikulankhula Chingerezi ndi foni. Ku Thyolo, ku Phalombe kapena ku Chiradzulu ali ndi khonde lawo, anzawo okumbutsana nawo zakale, mpingo wawo, kadimba kawo. Moyo ndi wotchipa, ndipo chipatala cha pa boma chilipo. Kwa wokalamba amene akuyendabe, akudya yekha, mutu uli bwino, kumudzi kumaposa tauni kutali.

Zimasintha munthu akafuna chipatala pafupipafupi. Wobaya jakisoni wa shuga, wofuna kusinthidwa paipi ya mkodzo, wopita ku makina a impso, ameneyo kumutumiza kumudzi ndi kumufupikitsira masiku. Nthawi ya dzinja msewu ukaterera, kabaza sanganyamule munthu amene satha kukhala tsonga. Muonenso nyumba imene akukalowa, chifukwa m'maboma amenewa nyumba zambiri zinagwa kapena kung'aluka ndi namondwe wa Freddy mu March 2023, ndipo si zonse zinamangidwanso bwino.

Pali kusiyana kwina kumene a m'tauni timaiwala. Kwathu kuno kumwera ambiri timatsata chikamwini. Agogo aakazi akabwerera kumudzi amafikira pa malo awo, pakati pa mbumba yawo. Agogo aamuna amene anakhala zaka 40 kwa akazi awo, akaziwo n'kumwalira, amatha kupezeka kuti kumeneko ndi mlendo, kwawo kwenikweni anawaiwala kalekale. Musanakweze madala basi pa Wenela, dziwani kuti akukalandiridwa ndi ndani, dzina lake, osangoti "abale aliko".

Za Mtukula Pakhomo musawerengere kwambiri. Ndondomekoyi inayambira ku Mchinji mu 2006, ndipo imasankha mabanja ovutikitsitsa amene alibe munthu wamphamvu zogwira ntchito, pafupifupi 10 pa mabanja 100 alionse. Okalamba ambiri alimo, koma si penshoni ya aliyense wokalamba. Khomo lodziwika kuti lili ndi ana ogwira ntchito ku Blantyre likhoza kudumphidwa. Ndalama zimene mumatumiza pa Airtel Money kapena Mpamba nazo zili ndi miyendo. Foni imakhala ndi mdzukulu, ndipo agogo amangomva kuti netiweki inavuta. Ndi bwino kutumiza kwa munthu mmodzi wodziwika, kapena kugula katundu n'kupita naye nokha mwezi ukatha, mukaone ndi maso ngati bulangete munagula lija likufundidwa ndi mwini wake.

Choopsa kwambiri ndi matenda oiwalaiwala. Munthu amadzuka usiku n'kumayenda, amapezeka pakhomo pa eni m'bandakucha mwina osavala, amatchula anthu amene anamwalira kale ngati ali pompo. Ameneyo ndi wodwala ubongo, koma pamudzi pakagwa maliro a mwana kapena mphezi, chala chimaloza iye. Okalamba aphedwa m'dziko muno pa nkhani zotere, ndipo bungwe lomenyera ufulu wa okalamba la MANEPO lakhala likudandaula chaka ndi chaka. Lamulo la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma gulu likakwiya silikumbuka lamulo. M'tauni namo zimachitika, munthu wosokera ku Machinjiri akhoza kuzingidwa ndi anthu osamudziwa. Kulikonse kumene agogo otere ali, kauzeni amfumu, aneba ndi akulu a mpingo matendawo asanabweretse mlandu, muwaonetse ndi buku la kuchipatala. M'thumba mwa agogo muzikhala kapepala ka dzina ndi nambala ya foni. Mukamva manong'onong'o oyamba, pitani ku polisi ku ofesi yothandiza ozunzidwa, kapena achotseniko agogowo.

Nyumba zosungirako okalamba

Zilipo zochepa kwambiri m'dziko muno, za mipingo ndi anthu akufuna kwabwino, monga ya Mai Mbambande ku Lilongwe. Zimalandira makamaka amene alibiretu wowasamalira kapena amene athamangitsidwa m'midzi. Banja limene lili ndi ana anayi olandira malipiro lisayembekeze malo kumeneko. Mukadziwa wokalamba wotayidwa m'dera lanu, poyambira ndi ku ofesi ya boma yoona za chisamaliro cha anthu.

Achibale athu a ku Joni amatiuza kuti kumeneko boma limapereka ndalama mwezi ndi mwezi kwa okalamba osauka kuyambira zaka 60, ndipo limathandizira nyumba zowasungira. Ana athu ena ali ku UK, ntchito yawo ndi kusambitsa ndi kudyetsa makolo a eni, ndalama yake n'kumatumiza kuno kuti wina asambitse amayi awo. Sindikuwanena, ndi mmene zinthu zilili. Koma zikusonyeza kuti nyumba zolipira zidzachuluka kuno, ndipo kunyoza kuti "anataya makolo" sikudzaziletsa. Wina akakuuzani kuti watsegula malo otere, kaoneni osapangana tsiku. Funsani chilolezo cha boma, funsani amene amagona ndi odwala usiku ndi maphunziro ake, funsani galimoto yothamangira kuchipatala. Nunkhizani m'zipinda. Pemphani kuona zidendene za wogona mmodzi.

Mukandifunsa ine, matenda adzidzidzi ndi a Queens, kapena kolipira ngati thumba likulola ndipo tsiku lotuluka likuoneka. Wokalamba wamphamvu zake apite kumudzi ngati mwini akufuna. Wogona, wa shuga wa jakisoni ndi woiwalaiwala akhale m'tauni pafupi ndi chipatala, ndipo ndalama imene mukanathira m'chipinda cholipira ipite kwa womusamalira.

Zimenezi zikambidwe agogo asanatuluke mu wodi, pamaso pa amalume kapena mwinimbumba, agogowo akufunsidwanso ngati akutha kuyankha. Gadiyani apemphe a mafizo amuonetse kanyamulidwe kosathyola msana, afunse ntchito ya mankhwala alionse ndi tsiku lobwerera ku kiliniki. Pa tsiku lotuluka pezani galimoto, minibasi ya ku Chirimba si ya munthu wofa mbali imodzi. Ndipo mugule kope. M'menemo mulembe amene akupereka zingati pa mwezi, amene akugula matewera, amene akusambitsa, ndi ndalama imene mlongo wanu wosiya geni azilandira, chifukwa naye ali ndi lendi ndi fizi. Mulembenso tsiku lake lopuma pa sabata, ndi dzina la amene azigona m'chipinda cha agogo usiku umenewo.